Ndingateteze bwanji nthochi zazifupi m'nyengo yozizira?

Akuluakulu ndi alimi anzanga, ndikupempha nzeru zanu. Ndinabzala nthochi zazifupi za mtundu wa Dwarf Cavendish kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khoma lomwe limawombedwa ndi dzuwa masana onse. Zinkakula bwino mpaka pamene kunayamba kuzizira usiku. Tsopano masamba achita chikasu, m'mphepete mwake mwauma, ndipo tsamba lanthete la pakati latha milungu itatu osatambasuka.

Ndikudziwa kuti nthochi imachedwa kukula kutentha kukatsika pansi pa madigiri 14, koma nkhawa yanga yaikulu ili pa imodzi yomwe yatsala pang'ono kutulutsa mkoko. Kodi ndikulunge thunthu lake ndi masaka, kapena kuphimbira pansi ndi udzu wouma n'kokwanira? Nanga kuthirira ndichepetse motani kuti mizu isawole?