Mapampasi a agogo oiwalaiwala akutha ndalama, thandizo lingapezeke kuti muno mu Lilongwe?

NaBanda_Kawale

Moni nonse. Agogo athu aakazi, a zaka 81, ali ndi matenda oiwalaiwala, ndipo adokotala anatsimikiza. Kwa miyezi itatu tsopano akudzikodzera usana ndi usiku, nthawi zina kudziyipitsiranso. Amayenda okha pang'onopang'ono, amamwa mankhwala a BP. Tikumagwiritsa ntchito mapampasi a akuluakulu anayi kapena asanu patsiku, moti paketi ya 10 siifika masiku atatu. Kodi pali ofesi ya boma kapena bungwe lothandiza kugula zinthu zimenezi? Nanga Mtukula Pakhomo angalowemo? Tikukhala ku Kawale.

Namwino_Area18

Pepani ndi matenda, a NaBanda. Ndiyambe ndi zoona zake kuti musawononge ndalama ya minibasi: zipatala za boma zimapereka chithandizo ndi mankhwala mwaulere, koma mapampasi okagwiritsa ntchito kunyumba mwezi ndi mwezi musawayembekezere. Chomwe chipatala chingakuchitireni, ndipo n'chachikulu, ndi kupeza chifukwa chomwe agogo akunyowera pafupipafupi chonchi. Si nthawi zonse pamene vuto limakhala kuiwalako.

Atengereni ku chipatala cha Kawale ndi buku lawo lakuchipatala komanso mapaketi onse a mankhwala amene akumwa. Pemphani zinthu izi. Ayezedwe mkodzo, chifukwa matenda a m'chikhodzodzo mwa okalamba sabwera ndi kutentha thupi nthawi zonse. Amaonekera pa mkodzo wonunkha kwambiri, kukodza pafupipafupi, ndi kusokonezeka mutu kochuluka mwadzidzidzi. Ayezedwenso shuga, poti shuga akakwera munthu amakodza kwambiri. Kenaka onetsani mankhwala a BP aja. Ngati pali HCT kapena Lasix, amenewo ntchito yake ndi kutulutsa madzi m'thupi. Musasiye kuwapatsa panokha, koma funsani ngati angamamwe m'mawa kapena ngati pali mtundu wina.

Chimene ambiri sachiganizira ndi kudzimbidwa. Chimbudzi chikauma n'kudzaza m'matumbo chimapanikiza chikhodzodzo, ndipo chamadzimadzi chimadutsa m'mbali n'kumatuluka chokha. Apabanja amayesa kutsegula m'mimba n'kugula mankhwala otseka, vuto n'kukulirakulira. Agogo akatha masiku atatu osachita chimbudzi chenicheni, muwauze adokotala.

Kunyumba yambani kuwaperekeza kuchimbudzi pa nthawi yake, osadikira kuti anene, chifukwa sanganene. Akangodzuka, patapita mphindi 20 kapena 30 atadya, kenaka maola awiri kapena atatu aliwonse, ndiponso asanagone. Muziyang'ana zizindikiro: kukoka chitenje, kuyendayenda, kusakhazikika pampando. Popeza agogo anu akadali kuyenda, njira imeneyi ikhoza kuchepetsa mapampasi a masana. Madzi musawamane. Mkodzo ukachepa umakhala waukali, umapsereza chikhodzodzo, ndipo kudzimbidwa kumabweranso. Ingochepetsani tiyi ndi zakumwa zambiri pakatsala maola awiri kuti agone.

Wina akakuuzani kuti awaike paipi ya mkodzo kuti mupumule, kanani pokhapokha adokotala atapeza kuti mkodzo sukutuluka. Paipi imalowetsa matenda, ndipo munthu woiwalaiwala amaikoka n'kudzivulaza koopsa.

Che_Mlangizi

Za Mtukula Pakhomo ndiyankhe mosabisa. Ndondomekoyi inayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, ndipo imafikira mabanja ovutikitsitsa omwenso alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, pafupifupi mabanja 10 pa 100 aliwonse m'boma lililonse. Sikuti mumapita ku ofesi n'kudzaza fomu lero, mawa n'kuyamba kulandira. Maina amalembedwa pa nthawi ya kalembera m'madera, ndipo amayang'ana banja lonse, osati wodwala yekha. Ngati agogo akusungidwa ndi mdzukulu wolandira malipiro, mwayi ndi wochepa. Ndalama yakenso ndi yothandizira chakudya, singakwane mapaketi 12 mpaka 15 omwe inu mukufuna pamwezi.

Komabe pitani ku ofesi ya Social Welfare ya boma la Lilongwe kuti agogo adziwike. Tengani chiphaso chawo cha unzika, buku lakuchipatala lolembedwa dzina la matenda, ndi kalata ya amfumu kapena a block leader. Pemphaninso adokotala kalata yaifupi yonena kuti wodwalayu satha kudziletsa ndipo amafunika matewera tsiku lililonse. Kalata imeneyo pangani mafotokope angapo, chifukwa aliyense amene mungamupemphe thandizo adzayamba waifunsa. Bungwe la MANEPO, lomwe limasonkhanitsa mabungwe oona za okalamba, mungalifunse magulu amene akugwira ntchito m'dera lanu. A St John of God ku Area 43 amaona za matenda a m'maganizo, ndipo ndi malo abwino ofunsira uphungu agogo akayamba kukana kusinthidwa kapena kusagona usiku. Kuchipatala funsaninso ngati pali a palliative care, amene amasamalira odwala matenda osachiritsika, kapena odzipereka oyendera odwala m'makomo.

Koma thandizo lokhalitsa lili pafupi kuposa maofesi. Kumpingo, kaya ndi amayi a Chigwirizano, a Dorika kapena kumphakati, musangonena kuti "agogo akudwala", chifukwa adzabwera ndi shuga ndi pemphero, n'kupita. Nenani chinthu chenicheni: paketi imodzi ya saizi yakuti pamwezi, kapena sopo wochapira. Abalenso chimodzimodzi. Mutu umodzi susenza denga, koma anthu amathawa pempho losadziwika malire ake. Werengani mapaketi a mwezi wonse, gawani pakati pa ana ndi zidzukulu, aliyense adziwe gawo lake ndi tsiku lotumiza pa Airtel Money kapena Mpamba. Amene ali ku Joni kapena amene amadutsa ku Chipata ayerekeze mitengo, chifukwa katunduyu ndi wochokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu zotere zinakwera kwambiri. Ngati pali amene ali pa MASM kapena sikimu ya kuntchito ndipo agogo analembedwapo, afunse mwa kalata zomwe sikimuyo imalipira.

Chinanso, uzani amfumu ndi oyandikana nawo kuti awa ndi matenda a ubongo. Nkhalamba yoyenda usiku itavula chifukwa yanyowa ndi imene anthu amaitchula mfiti, ndipo okalamba ambiri avulazidwa m'dziko muno pa chifukwa chimenecho.

Atelala_Biwi

Ndiwonjezere za katundu weniweniyo, poti ndalama zambiri zimathera pa kugula molakwika.

Yezani ndi tepi m'chiuno ndi m'matako, tengani nambala yokulirapo, muyerekeze ndi zolembedwa pa paketi, chifukwa M wa kampani ina si M wa inzake. Anthu amagula lalikulu poganiza kuti limwa mkodzo wambiri, koma limasiya mpata m'ntchafu n'kumadontha, ndiye mukusintha pampasi, chitenje ndi nsalu ya pabedi nthawi imodzi. Povala, dzutsani ndi chala timipanda tam'kati mwa pampasi totchinga mkodzo, matepi a m'munsi aloze m'mwamba, a m'mwamba aloze m'munsi. Musaveke mapampasi awiri. Lam'kati lili ndi pulasitiki kunja kwake, mkodzo sudutsa, mwangotaya lachiwirilo.

Nzeru yopulumutsa thumba ndi iyi: pampasi logula likhale la usiku ndi la paulendo wa kuchipatala, masana matewera ochapa. Telala aliyense angasoke. Nsalu ya thonje yofewa kumbali ya khungu, m'kati zigawo zitatu kapena zinayi za thaulo la pakaunjika, kutalika ngati masentimita 60, mulifupi 25, lovalidwa m'kati mwa kabudula wa lasitiki. Nsalu ya nayiloni ayi, siimwa madzi. Sokani 12 mpaka 15, chifukwa nthawi ya dzinja sauma msanga. Mukatero mapampasi ogula atsika kuchoka pa 120 kapena 150 pamwezi kufika cha m'ma 30 kapena 40. Koma ochapawa safuna ulesi: likanyowa lisinthidwe pompo, apo ayi khungu lisupuka.

Pochapa, tsukuluzani kaye ndi madzi ozizira, kenaka sopo, kenaka padzuwa mpaka liume gwa. Jik musathire pa nsalu yomwe ikadali ndi mkodzo, imatulutsa mpweya wotsamwitsa. Matiresi akutidwe ndi makintoshi kapena pepala lochindikala la pulasitiki, pamwamba chitenje chopinda pawiri, agogo asagone papulasitiki penipenipo.

Ngati chimbudzi chili panja, kalipentala aboole mpando wa manja pakati, pansi muike ndowa yokhala ndi chivundikiro ndi timadzi pang'ono. Ukhale pafupi ndi bedi, ndi kanyale ka sola koyaka usiku wonse. Kawirikawiri agogo amamva kuti mkodzo wabwera, koma mumdima chitseko sachipeza.

NaBanda_Kawale

Zikomo kwambiri nonse. Funso lina, m'mphechepeche mwayamba kufiira. Tipake Vaseline kapena paudala?

Namwino_Area18

Paudala ayi, amaundana ndi chinyezi n'kumakhula khungu. Sambitsani ndi madzi ofunda kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, pukutani mogunditsa thaulo, osakhula, ndipo muwasiye kanthawi osavala kanthu, atagona pachitenje, kuti mphepo ipite. Kenaka pakani zinc oxide wa ku famase mopyapyala. Vaseline amathandiza ngati palibe china, koma mukapaka wambiri amamata pampasi n'kulilepheretsa kumwa mkodzo. Kufiirako kukakhala ndi timadontho m'mbali ndi kuyabwa, nthawi zambiri ndi mafangasi, pamafunika mankhwala opaka a clotrimazole. Yang'ananinso pafupa la kumapeto kwa msana ndi zidendene tsiku lililonse. Mukadina ndi chala malo ofiira koma osayera, chilonda chogonera chikuyamba, pitani nawo kuchipatala sabata yomweyo.