Kodi "mlandu suwola" amatanthauzanji, poti kukhoti milandu imatha nthawi?

Mlembi wa mu ofesi ya maloya, Limbe

Akuluakulu, thandizeniko. Mwambi woti "mlandu suwola" susowa m'nkhani za Chichewa zimene timawerenga pa nthawi ya nkhomaliro, kaya ndi mu Tamvani kaya m'timabuku ta nthano timene timabwerekana mu ofesi. Ukangotchulidwa pa mmemo anthu amagawikana. Ena amati ukunena kuti wolakwa adzagwidwa ndithu ngakhale patapita zaka. Ena amati ukuuza wolakwiridwa kuti asapupulume, adzadandaula tsiku limene adzafune. Koma tonse ogwira ntchito m'maofesi a zamalamulo tikudziwa kuti pali Limitation Act imene imatsekera munthu khomo akachedwa. Ndiye makolo ankanena chiyani kwenikweni? Kapena mwambiwu unatha ntchito?

Womasulira wa kukhoti ya majisitireti

Mayi, muyambe ndi liwu loti mlandu. Masiku ano tikamva mlandu timaganiza za fayilo yokhala ndi nambala pachikuto. Kale mlandu unali chimene munthu wapalamula ndipo sanachikonze: mbuzi imene sanabweze, munda wa mnzake umene ng'ombe zake zinadya, mkazi wa mwini, magazi amene anakhetsedwa. N'chifukwa chake mpaka lero timati "ali ndi mlandu" ngakhale munthuyo sanapondeko kukhoti.

Tsono kuwola. Nyama ikawola imatayidwa, palibenso woifunsa. Mwambiwu ukuti cholakwa sichichita chomwecho. Chimatha pokhapokha nkhani ikakambidwa pabwalo, wolakwa n'kuvomera, n'kupereka dipo kapena chipepeso, ndipo mbali zonse n'kugwirizana kuti zatha. Zaka zokha sizithetsa kanthu. Ndiye mwa matanthauzo awiri mwatchulawo, loyamba ndi limene lili pafupi, ngakhale nalonso laperewera. Mwambiwu umaloza wopalamula, kumuchenjeza kuti kuthawira ku Joni kapena kungokhala chete sikumupulumutsa. Wolakwiridwa suwumuuza kuti agone.

Anzathu a ku Zambia ali nawonso, m'Chibemba amati umulandu taubola, ndipo amaugwiritsa ntchito chimodzimodzi.

Kalaliki wopuma ntchito, Zomba

Ndiwonjezere chimene chinkachititsa kuti mwambiwu ukhale woona pamudzi. Mlandu sunali wa munthu mmodzi, unali wa mbumba yonse. Wopalamula akathawa kapena kumwalira, olakwiridwa ankapita kwa mwinimbumba, kawirikawiri malume ake, ndipo iyeyo ndiye ankayankha pamaso pa nyakwawa kapena gulupu. Mboni zinali mudzi wonse, ndipo ana ankakula akumva kuti banja lakuti lili nafe ngongole ya ng'ombe. Panalibe pepala loti n'kusowa.

Lamulo lolembedwa linasintha zimenezi. Pa mlandu wa upandu, woimbidwa mlandu akamwalira nkhani yathera pomwepo, mphwake sangalowe m'bokosi m'malo mwake. Koma ngongole imatsata chuma cha masiye: imalipidwa kuchokera pa zimene womwalirayo wasiya, zotsala n'kugawidwa motsata lamulo la chuma cha masiye la 2011. Achibale salipira za m'thumba mwawo pokhapokha ngati anasainira ngongoleyo.

Paralegal, Lilongwe

Funso la mayi a ku Limbe lili ndi mbali imene imapweteketsa anthu, choncho tiike manambala poyera. Mu Limitation Act, mlandu wochokera pa mgwirizano, monga ngongole, lendi kapena katundu wosalipiridwa, uyenera kuyambika pasanathe zaka 6. Wofuna chipukuta misozi chifukwa chovulala thupi, monga pa ngozi ya galimoto, ali ndi zaka 3 zokha. Wofuna kulanditsa malo ake, tinene a lizi, kwa amene wawalowerera ali ndi zaka 12. Kuwerenga kumayambira tsiku limene chifukwa chosumira chinabadwa: tsiku la ngozi, kapena tsiku limene ngongole inayenera kubwezedwa. Sikuyambira tsiku limene munthu wapsa mtima, kapena limene wapeza ndalama ya loya.

Malamulo ena ndi ofupika kuposa pamenepa. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo amayenera kukadandaula ku ofesi ya boma ya zantchito (labour) pasanathe miyezi 3. Wofuna kuti High Court iunike chiganizo cha ofesi ya boma nayenso ali ndi miyezi 3. Womangidwa ndi majisitireti akafuna kuchita apilo amapereka chidziwitso m'masiku 10.

Chimene chimavuta kwambiri ndi milandu ya ngozi. Munthu wagundidwa ndi minibasi, wagona m'chipatala, kenako wayamba kulemberana makalata ndi kampani ya inshulansi. Lipoti la apolisi lachedwa, la dokotala lachedwa, a inshulansi akuti tikuonabe. Iye mumtima akuti mlandu suwola. Makalata amenewo saimitsa nthawi. Chimene chimaimitsa ndi chisamani chimene chalowa kukhoti n'kudindidwa. Zaka 3 zikakwana, loya wa mbali inayo amangolemba ndime imodzi yoti nthawi inatha, ndipo kuvulala konse kuja sikukambidwanso.

Mlembi wa mu ofesi ya maloya, Limbe

Zikomo bambo. Ndiye tinene kuti pa nkhani za ngongole mwambiwu ndi wabodza?

Paralegal, Lilongwe

Ayi mayi, apa ndi pamene mwambi ndi lamulo zimagwirizana mosayembekezeka. Zaka 6 zikatha, ngongoleyo siifa. Chimene chimafa ndi mphamvu yokakamiza kudzera kukhoti. Wangongole akabweza mwa kufuna kwake m'chaka chachisanu ndi chitatu, wabweza chimene anakongoladi, ndipo sangabwerenso kudzati mundibwezere poti nthawi inali itatha. Komanso akalemba kalata yosainidwa yovomera ngongoleyo, kapena akabwezako pang'ono, kuwerenga kumayambiranso tsiku limenelo. N'chifukwa chake kalata yoti "ndikudziwa ndili nanu ngongole, mundipatse nthawi" siyenera kutayika. Ikangofika idindidwe deti, ijambulidwe, ilowe m'fayilo tsiku lomwelo.

Palinso zochedwetsa kuwerenga. Ngati wolakwiridwa anali mwana kapena wodwala misala pamene nkhani inkachitika, lamulo limamuwonjezera nthawi. Ngati wolakwa anabisa chinyengo chake, kuwerenga kumayamba pamene chaululika kapena pamene chikanatha kuululika munthu atachita khama. Nkhani ya malo ndi yosiyana ndi ya ngongole: zaka 12 zikadutsa, umwini weniweniwo umatha.

China chimene makalaliki atsopano amalakwitsa: kutha kwa nthawi ndi chitetezo chimene wosumiridwa ayenera kuchitchula yekha m'mapepala ake. Si ntchito ya mlembi kapena wa ku registry (ofesi yolandira mapepala kukhoti) kubweza munthu pakhomo n'kumuuza kuti mlandu wanu unatha. Mumulembe madeti onse, mumupititse kwa loya.

Wa ku registry

Pa milandu ya upandu mwambiwu udakali ndi mano. Kupha munthu, kugwiririra, kuba moopseza ndi zida, zimenezi zilibe malire a zaka. Munthu angathe kugwidwa atamera imvi. Koma pa milandu ing'onoing'ono, imene chilango chake sichipitirira zaka 3 m'ndende, kusintha kwa lamulo la kazengedwe ka milandu ya upandu (Criminal Procedure and Evidence Code) kwa mu 2010 kunaika malire: kuzenga kuyambe m'miyezi 12 ndipo kuthe m'miyezi 12 kuchokera pamene kwayambira. Wothawa sapindula nazo, chifukwa kwa iyeyo kuwerenga kumayamba tsiku limene wagwidwa. Ndiye ngakhale pamenepa, chimene a womasulira anena chija, kuti mwambi umaloza wothawa, chikuimabe.

Mlandu wolowa kale nawonso umatha kufa uli pa shelefu. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu yosakhala ya upandu ku High Court a 2017 amalola khoti kufufuta mlandu umene wakhala miyezi 12 popanda kuchitapo kanthu. Kuubwezeretsa kumafuna pempho latsopano, malumbiro ofotokoza chifukwa chochedwera, ndi ndalama zina.

Ndipo poti nkhaniyi yayambira pa nkhomaliro, ndinene ichi. Maofesi ambiri a boma amapuma kuyambira 12 koloko mpaka 1 koloko. Kulowetsa chisamani sikungoponya pepala pawindo ayi. Mapepala amaonedwa kaye, ndalama zake n'kuwerengeredwa, munthu n'kukalipira, n'kubwera ndi lisiti, kenako chidindo. Mesenjala wofika 12 koloko itatsala pang'ono amapeza polipirira patsekedwa. Masana akapezeka kuti tsamba lina silinasainidwe kapena makope aperewera, abwerere ku ofesi, ndipo minibasi ya pakati pa Limbe ndi Chichiri simudziwa kuti lero ndi tsiku lomaliza. Pakadafunda padajiwitsa. Chilichonse chokhala ndi malire a nthawi chipite m'mawa, mmemo pambuyo.

Kalaliki wopuma ntchito, Zomba

Njira yakale imene imagwirabe ntchito ndi iyi. Tsiku lotsegula fayilo, lembani pachikuto ndi cholembera chofiira madeti awiri: la pamene nkhani inachitika ndi la pamene nthawi idzathere. Deti lachiwirilo mulilembenso m'buku la madeti la ofesi katatu: kutatsala miyezi 6, kutatsala miyezi 3, ndi kutatsala mwezi umodzi. Deti la ngozi mulitenge pa lipoti la apolisi kapena buku la kuchipatala, osati pakamwa pa kasitomala, chifukwa ambiri amakumbukira nyengo, kuti chimanga chinali chikumasula, osati tsiku. Akaphonya chaka chimodzi ofesi yonse yaphonya naye.

Kuwola kwenikweni nakonso kulipo. Mafayilo oikidwa pansi pa simenti amakoka chinyezi m'dzinja, chiswe chimalowera kunsi kwa makatoni, ndipo malisiti a makina aja amafufutika okha pakapita miyezi. Lisiti lotere lijambulidwe tsiku lomwelo. Odyera pa desiki asamale: dontho la supu ya usipa pachikuto limaitana mphemvu ndi makoswe, ndipo iwo sasankha tsamba.

Womasulira wa kukhoti ya majisitireti

Mawu amodzi kwa anzanga omasulira. Mboni kapena wodandaula akanena "mlandu suwola" m'bokosi, musathamangire kuupereka ngati chiopsezo, komanso musauchepetse. Nthawi zina akufotokoza chifukwa chimene wabweretsera nkhani yakale. Nthawi zina akuuzadi mnzakeyo kuti adzaona. Perekani mawuwo monga alili, muuze khoti kuti ndi mwambi, ndipo ngati a majisitireti afuna kudziwa chimene akutanthauza amufunse mwini wake. Mukasankha nokha tanthauzo ndiye kuti mwaikira umboni.

Wa ku registry

Ndipo mukamakangana za miyambi pa chiimilire, zitsanzo zikhale za m'nyuzipepala, osati za m'mafayilo a mu ofesi. Malo odyera oyandikana ndi khoti amadzaza ndi mboni ndi achibale a mbali zonse ziwiri, ndipo amene mwakhala naye benchi limodzi simumudziwa. Kungotchula kuti mlandu wa uje watsala sabata ziwiri kuti nthawi ithe, mwapatsa mbali inayo chifukwa chozengereza kuyankha makalata mpaka sabatazo zidutse.