Chilolezo chokhala kunja kwa wogwira ntchito pa intaneti: poyambira ndi pati?

Wa ku Chitakale:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimagwirira ntchito kampani ya kunja ndili konkuno ku Mulanje, malipiro ndi $2,200 pamwezi. Ndikufuna kukakhala dziko lina mwalamulo, ntchito ili yomweyi. Ndi dziko liti lingandilandire, ndipo mapepala ake ndi ati?

Mai a ku Luchenza:
Achimwene, ndi ndalama imeneyo yambani mwayang'ana kufupi. Mauritius ili ndi Premium Visa kuyambira 2020: yaulere, mumapempha pa intaneti, ndi ya chaka chimodzi ndipo mutha kuwonjezera. Amafuna $1,500 pamwezi, tikiti yobwerera, inshuwalansi ya zaumoyo ndi umboni wa komwe mukagone. Namibia imafuna $2,000 pamwezi koma ndi miyezi 6 basi. Konseko ndalama izichokera kunja, simuloledwa kulembedwa ntchito ndi kampani ya m'dzikomo.

Portugal iwalani kaye. Visa yawo ya D8 imafuna malipiro otsikitsitsa a dzikolo kuchulukitsa kanayi. Mu 2025 anali ma euro 870, ndiye kuti 3,480 pamwezi.

Mzee wa pa Boma:
Zoona mayi. Koma chomwe chimagwetsa anthu ambiri kwathu kuno si kuchepa kwa ndalama ayi, ndi umboni wake. Wina amalandira bwino ndithu, koma ndalama imadzera kwa msuweni wa ku Johannesburg, kapena amasinthira pamsika wa mseri n'kulowetsa pa Airtel Money. Kwa woona mapepala, munthu ameneyo salandira kanthu. Amafuna ma statement a kubanki a miyezi itatu kapena 6, a m'dzina lanu, ndipo ndalama yolowa mwezi ndi mwezi igwirizane ndi zolembedwa mu kontrakiti. Ngati ikulowa mu kwacha, amaitembenuza pa mtengo wa kubanki, osati wa pa Limbe. Tsegulani akaunti ya ndalama zakunja, muidyetse miyezi ingapo musanapemphe.

Kalata ya abwana anu inene poyera kuti akukulolani kugwira ntchito muli m'dziko lakutilo. Kalata yongoti "ndi wantchito wathu" imabwezedwa.

Police clearance imatuluka ku likulu la apolisi ku Area 30, ku Lilongwe, mukadinda zala. Musaitenge msanga. Maiko ambiri amakana ikadutsa miyezi itatu, ndiye ukathamangira iyo pasipoti isanakonzeke, umakadindanso zala kachiwiri. Akafuna apostille, chidindo chotsimikizira kuti chikalata n'chenicheni kuti chivomerezedwe kunja, musadandaule, Malawi ili m'pangano la Hague la chidindo chimenechi. Dzina lilembedwe chimodzimodzi papasipoti, kubanki ndi pa kontrakiti. Chilembo chimodzi chokha, Mhango ndi Muhango, fayilo imaima.

Wa ku Chitakale:
Nanga msonkho, bambo?

Mzee wa pa Boma:
Maiko ambiri ukakhala masiku 183 pachaka amakuwerenga ngati wolipira msonkho kwawoko, kaya visa inali yaulere. Funsani wodziwa za msonkho wa dzikolo musananyamuke, ndipo za ku MRA zikhale zolongosoka.

Mai a ku Luchenza:
China: visa si chilolezo chokhazikika nthawi zonse. Ku Portugal, D8 imakulowetsa miyezi inayi, kenako ukaonekera ku AIMA, ofesi ya boma yoona za anthu olowa m'dzikolo, ndi pomwe amakupatsa khadi ya zaka ziwiri. Ya Namibia ija ikatha, mumalongedza.