Satifiketi ya ukwati wa malemu ili ku St. Joseph uti?

Yohane (Zomba): Moni nonse. Papita masabata asanu chiikireni m'manda mphwanga Lameki. Dzulo ndinali kwa loya pa nkhani ya nyumba ya ku Chilomoni ija. Akuti kuti khothi lipereke mphamvu kwa alamu yoyendetsa chuma cha masiye, pakufunika mapepala atatu: satifiketi ya imfa, ya ukwati, ndi za kubadwa za ana awiriwa. Onsewo ali kwanuko ku America. Tiyeni tigawane ntchito, alamu asasenze okha.

Amake Tadala (South Bend): Zikomo alamu. Kuno ndi usiku koma tulo palibe. Ya ukwati ndili nayo, ija ili mufulemu pabalaza. Ndiijambule nditumize?

Chisomo (Indianapolis): Anti, mukunena ya maluwa m'mbali, yomwe anasaina abusa ndi ankhoswe?

Amake Tadala: Yomweyo mwanangu.

Chisomo: Imeneyo isungeni, ndi chikumbutso chanu, koma ku maofesi saiwerengera. Pajatu musanakwatitsidwe munakatenga laisensi kwa kalaliki wa county, chigawo chonga distirikiti kwathu. Abusa atadalitsa ukwati anasaina n'kuibweza komweko kuti ilembedwe m'kaundula. Tikufuna kope lochokera m'kaundulamo, lokhala ndi chidindo cha kalaliki, chija chimamveka ukapitsapo chala.

Madalitso (Mishawaka): Ine ndiyambe ndapepesa. Lachiwiri ndinapita kale kukhothi kuno ku South Bend osauza munthu, ndimafuna ndiwapeputse anti. Anafufuza pa kompyuta dzina la amalume, la anti la kwawo, chaka cha 2009, osapeza kanthu. Ndinabwerako mtima uli m'mwamba, n'chifukwa chake ndinangokhala chete.

Mayi Esnart (Blantyre): Osapeza kanthu?? Ine ndinasonkha nawo ndalama ya diresi. Kanema wa ukwatiwo tinaonera limodzi ndi malemu amayi pa Khirisimasi. Munthu asayerekeze kunena kuti mchimwene wanga anangolowana.

Yohane: Achemwali, mtima pansi. Palibe wanena zimenezo.

Chisomo: Anti, nthawi imeneyo munkakhala kuti? Sindikufunsa kumene kunali madyerero, koma kumene munkagona.

Amake Tadala: Ku Berrien Springs. Bambo a Tadala anali akumaliza maphunziro ku yunivesite ya Andrews. Madyerero okha ndi amene tinachitira ku South Bend chifukwa Amalawi ambiri ali kuno, ndiye holo inapezeka kuno. Koma ndikukumbuka bwino kuti papepalapo panali mawu oti St. Joseph. Ndi zomwe ndinamuuza Mada.

Chisomo: Basi, nkhani yagona pamenepo. Ma St. Joseph alipo angapo. South Bend ili mu St. Joseph County, boma la Indiana. Koma Berrien Springs ili ku Michigan, mu Berrien County, ndipo likulu la county imeneyo ndi tauni ya m'mbali mwa nyanja yotchedwanso St. Joseph. Ku Michigan munthu wokhala komweko amatenga laisensi mu county yomwe akukhala. Kaundula wanu ali kumeneko. Kalaliki wa ku South Bend sakanaupeza, mabuku a boma lina sakhala nawo.

Amake Tadala: Eee ndakumbuka! Tinapita pa galimoto ya mnzawo, titalemba mafomu anatiuza kuti tidikire masiku atatu. Pobwerera tinaima panyanja, iwo n'kumati madzi ake akunga a ku Mangochi koma ozizira ngati a mufiriji. Ndipo tchalitchi chomwe anatidalitsira chinali ku Niles, mbali ya Michigan. Pepani, misozi yanditsekereza.

Mayi Esnart: Lirani mlamu wanga, ifenso kuno tikulira nanu.

Madalitso: Mwanditula katundu achemwali. Kuchokera kuno sipakwana ola limodzi pa galimoto. Lachisanu ndikuweruka masana. Koma Chisomo, onetsetsa, pajatu ku Michigan kulinso St. Joseph County ina, ya ku Centreville.

Chisomo: Imeneyo isiye. Pa foni lemba Berrien County Clerk. Ndipo usapite wekha, uwatenge anti ndi chiphaso chawo chokhala ndi chithunzi. Mwini ukwati akaima yekha pawindo mafunso amachepa. Anti, lembani papepala tsiku la ukwati, dzina lanu la kwanu, ndi mayina a amalume monga analembedwera mupasipoti.

Kondwani (Johannesburg): Pa mayinapo ndiye ndikuopa. Bambo aang'ono kumudzi ndi Lameki, pa mapepala a nyumba analemba Lameck, koma mupasipoti muli dzina lapakati lija la agogo. Kuno ndaona anthu akubwezedwa chifukwa cha chilembo chimodzi.

Yohane: Wanena zoona mwana wanga. Ndinamufunsa loya. Akuti zikasiyana tidzalumbira kwa komishonala wa malumbiro kuti ndi munthu mmodzi, ine ndi achemwali ngati mboni. Koma tiyambe taona zomwe zalembedwa m'kaundula.

Amake Tadala: Nanga za ana ndi ya imfa tikatenganso komweko?

Chisomo: Ayi anti. Tadala ndi Mphatso anabadwira ku South Bend, amalumenso anamwalirira kuchipatala cha konko. Ku Indiana kalaliki wa khothi amasunga za maukwati ndi za kutha kwa maukwati, koma za kubadwa ndi imfa zili ku dipatimenti ya zaumoyo, ya county kapena yaikulu kuno ku Indianapolis. Ku Michigan ndi kumene kalaliki wa county amasunga zonse pamodzi. Ndiye maulendo ndi awiri. Kodi makope a imfa amene anakupatsani a nyumba ya maliro atsala angati?

Amake Tadala: Anali anayi. Limodzi linapita ndi bokosi pa ndege, lina kubanki, lina ku inshuwalansi ya kuntchito kwawo. Latsala limodzi, ndikuopa kuligwira n'komwe.

Chisomo: Limenelo lisatuluke m'nyumba. Tiitanitse ena atatu. A ukwati titenge anayi, chifukwa ku Social Security, ofesi ya boma yopereka ndalama za opuma pantchito ndi za amasiye, akafunanso kuona lenileni, osati fotokope. Anti, kumeneko musachedwe nako. Pali ndalama ya kamodzi, madola 255, yofunika kuipempha zisanathe zaka ziwiri, koma chachikulu ndi cha mwezi ndi mwezi cha ana mpaka adzakwanitse zaka 18. Inunso mungalandire nawo chifukwa mukulera Mphatso yemwe sanafike 16, ngakhale amayang'ananso malipiro anu a kuntchito.

Mayi Esnart: Zimenezo sitinkazidziwa. Ndiye ana asavutike sukulu.

Yohane: Loya anatchulanso mawu ena, apostille. N'chiyani chimenecho?

Chisomo: Ndi pepala lomwe boma limamata pamwamba kutsimikizira kuti siginecha ndi chidindo cha kalaliki ndi zenizeni, kuti dziko lina likhulupirire. Malawi ndi America onse ali m'pangano la ku Hague la 1961, n'chifukwa chake apostille imagwira ntchito kumudziko. Koma ku America boma lililonse, monga Indiana kapena Michigan, limatsimikizira mapepala ake okha. Ya imfa ndi za ana ndikapereka ndekha kwa Secretary of State kuno ku Indianapolis. Ya ukwati iyenera kupita ku Lansing, likulu la Michigan, ku Office of the Great Seal. Mada, ukangotenga makope, limodzi uliike mu envulopu tsiku lomwelo.

Kondwani: Ndalama ya makope, apostille ndi DHL mundiuze. Ine ndi akazi anga titumiza theka pakutha pa mwezi.

Mayi Esnart: Theka linalo ndi langa ndi achimwene. Mlamu asatulutse kakobiri. Koma pali china ndikufuna ndinene pagulu pano, aliyense amve. Kumudzi ayamba kale kunong'ona kuti nyumba ya ku Chilomoni ndi ya mbumba chifukwa malo anagula Lameki asanakwatire. Maziko okha ndi amene analipo. Njerwa, malata, mpanda, zonse anamanga awiriwa, mlamu akugwira mashifiti a usiku kosamalira okalamba. Ine ndinkalandira ndalamazo ndi manja angawa kukalipira amisiri.

Yohane: Ndazimva nanenso. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Loweruka ndikupita kumudzi, ndikakhala pansi ndi atsibweni amene anali nkhoswe pa chinkhoswe chija. Iwo ndi amene analandira nkhuku, sangakane lero. Alamu, malisiti a simenti ndi malata ngati alipo, sungani.

Amake Tadala: Ali m'chikwama chawo chakuda. Sindinachitsegule chimwalirireni. Nditsegula mawa ana akapita kusukulu. Alamu, azilamu anga nonse, ndilibe mawu.

Madalitso: Anti, Lachisanu 1 koloko ndikupezani pakhomo. Mutenge pasipoti ndi laisensi yoyendetsera galimoto. Ndiimba kaye m'mawa kufunsa mtengo wa kope ndi nthawi yotsekera.

Amake Tadala: Tadala akuti akufuna apite nawo, akaone pomwe bambo ake anasaina.

Madalitso: Abwere. Tikamaliza tikaima panyanja paja.