Estanho akungopanga timibulu, sakugwira pa placa: ndikulakwitsa pati?

Wophunzira wa ku Ulónguè

Moni nonse. Ndayamba kuphunzira kuwotcherera tizipangizo ta magetsi kuti ndizitha kukonza mawailesi, matochi ndi nyale za sola. Ndili ndi ferro (chitsulo chowotcherera) ya 60 W yopanda pochepetsera moto, estanho (waya wofewa amene timasungunula polumikiza) wa m'kachubu wogula pamsika, ndi kachitini ka pasta (mankhwala othandiza estanho kugwira) amene amagwiritsa ntchito okonza maradiyeta a galimoto. Estanho akasungunuka akungopanga kambulu ngati dontho la madzi pa tsamba la kabichi, ndikagwedeza waya kambuluko n'kuthothoka. Nsonga ya ferro yada bii m'masiku atatu okha, ndipo timizere ta kopa pa placa (kabolodi kokhalapo tizipangizo) tayamba kumatuka. Amene mukuidziwa ntchitoyi, chonde ndiongoleni.

Mestre wa ku Moatize

Achimwene, ferro yanu ikutentha mopitirira, koma kutenthako sikukufika pamene mukufuna kulumikiza. Estanho samata ngati guluu. Amayenderera pa chitsulo chokhacho chimene chatentha ndiponso chili choyera. Mukamusungunulira pa nsonga n'kukamudonthezera pa mwendo wozizira wa kachipangizo, amauma asanagwire, ndipo ndiko kambulu mukukaonako.

Yambani ndi nsonga. Chakudacho ndi dzimbiri la moto, ndipo chimatchinga kutentha. Ferro ikangoyamba kutentha, pukutani nsonga pa siponji yonyowa koma yofinya bwino, kenako ipakeni estanho mpaka iwale ngati siliva. Muzichita zimenezi musanayambe, pakatipakati pa ntchito, komanso musanazimitse. Nsonga isagone yopanda estanho.

Polumikiza, gonekani nsonga kuti ikhudze zinthu ziwiri nthawi imodzi: mwendo wa kachipangizo ndi kabwalo ka kopa kozungulira bowo. Gwiritsani ntchito mbali ya nsonga, osati kumapeto kwenikweni, chifukwa mbali ndi imene imapereka moto wambiri. Kadontho kochepa ka estanho pa nsonga kamathandiza kutentha kuwoloka. Werengani modzi, wiri. Ndiye gunditsani estanho mbali inayo ya mwendo, osati pa ferro. Ngati patentha mokwanira, asungunuka yekha n'kuzungulira bowo lonse. Chotsani estanho poyamba, ferro pambuyo. Zonsezi zisapose masekondi 3 kapena 4. Musauzire mpweya, ndipo musagwedeze mpaka paume.

Polumikiza pabwino pamaoneka ngati kachulu kakang'ono kotsetsereka, kokwera ndi mwendo, kowala. Pakakhala potuwa, pokhakhala, kapena pali kamzere kozungulira mwendo, ndiye kuti sipanagwire. Wailesi yotero imalira lero, mawa mpaka muimenye. Bwerezani ndi estanho watsopano pang'ono, kenako dulani mwendo wotsala pamwamba pa kachuluko.

Timizere ta kopa tinamatidwa pa placa ndi guluu, ndipo guluuyo amagonja ndi moto wautali. Ferro ya 60 W yopanda chowongolera imatha kupyola 400 °C ikasiyidwa choyaka. Pa placa pamafunika ya 30 W kapena 40 W. Mukadzapeza yokhala ndi posinthira, ikani pakati pa 330 ndi 350 °C.

Estanhoyonso muuonetsetse. Wolembedwa 60/40 (magawo 60 estanho weniweni, 40 mtovu) amayamba kusungunuka pa 183 °C n'kumalizika cha pa 190 °C, wa 63/37 amasungunuka kamodzin'kamodzi pa 183 °C. Wopanda mtovu amafuna 217 °C kapena kuposa, ndipo kwa woyamba kumene ndi wovuta. Funani wa 0,8 mm kapena 1 mm. Mukamudula ndi kampeni, pakati pazioneka kabowo kokhala ndi utomoni. Wam'kachubu wopanda chizindikiro nthawi zina amasungunuka ngati phala lolimba, osayenderera. Wotero ngakhale dzanja laluso silingamuwongole.

Mlongo wa ku Matundo

Zonse anena a Mestre n'zoona, koma pasta ija aidumpha, pamene ndi imene iwononge zambiri. Achimwene, pasta ya maradiyeta ndi mipope imakhala ndi asidi, kawirikawiri zinc chloride. Pa chitsulo chachikulu chimene chimatsukidwa ndi madzi pambuyo pake ilibe vuto. Pa placa imatsalira pansi pa tizipangizo, imakoka chinyontho, ndipo pakapita milungu kopa amasanduka wobiriwira n'kuduka. Imadutsitsanso magetsi pang'ono pakati pa timizere toyandikana, n'kubweretsa matenda ovuta kuwapeza. Nsonga yanunso ikudyedwa ndi yomweyo. Isiyeni ndithu. Placa imene mwaipaka kale itsukeni ndi mswachi wakale ndi álcool, iume bwino musanailumikize ku batire.

Chofunika ndi breu, utomoni wouma wa mitengo ya paini, wooneka ngati shuga wopserera. Mungagunditse nsonga pa kachibenthu kake, kapena kumupera n'kumusungunula mu álcool kuti muzipaka ndi kamtengo ka machesi. Ntchito yake ndi kuchotsa dzimbiri losaoneka ndi maso pa kopa panthawi imene estanho akuyenderera. N'chifukwa chake kunyamula estanho pa nsonga sikuthandiza: utsi umene mumauona uja ndi utomoni ukupsa, ndipo pofika pa mwendo umakhala watha kale.

Za kupala nsonga, samalani. Nsonga zabwino ndi kopa wokutidwa ndi kachikopa kopyapyala ka chitsulo. Mukaipala ndi lima kapena sandipepa, kachikopako kamachoka, estanho n'kuyamba kudya kopa wam'kati mpaka pakumbike dzenje. Imene mungapale ndi ya kopa yekhayekha, yofiirira thupi lonse, ndipo muipale itazizira, n'kuipaka estanho ikangotentha.

China ndi thanzi. Estanho wa 60/40 magawo 40 pa 100 ndi mtovu. Mtovuwo sukwera ndi utsi, umatsalira m'zala, ndipo ife nsima timadya ndi manja. Sambani ndi sopo musanadye, musamalume estanho ndi mano, ndipo timibulu togwa pansi tisesedwe ana asanatitole. Utsi wa utomoni nawo umapweteka chifuwa, choncho khalani pafupi ndi zenera. Kuno ku Tete m'miyezi yotentha munthu sungakhale wopanda fani, koma isaloze pa ferro, imaziziritsa nsonga. Iikeni cham'mbali kuti izingokankha utsi.

Wa sola ku Dómuè

Ngati mudzagwira ntchito kumudzi kumene magetsi a EDM sanafike, ziliko ferro za 12 V. Ya 30 W imakoka 2,5 A, choncho ikani fuzi ya 5 A pafupi ndi batire, ndipo kabatire ka 7 Ah musakadalire tsiku lonse. Ferro wamba ya 220 V imagwiranso bwino pa inversor.

Pophunzira musayambire pa wailesi ya munthu. Tolani ma placa akufa, muzichotsa tizipangizo n'kubwezeretsa mpaka dzanja lizolowere. Polumikiza mawaya awiri, sendani 5 mm, potani timawaya tam'kati, pakani estanho waya aliyense payekha, ndiye muwagunditse pamodzi n'kukhudza ndi ferro. Waya akakana estanho ngakhale mwapaka breu, muyeseni ndi maginito ya sipika. Akakokedwa, ndi chitsulo chopakidwa kopa. Wina mukamupala amayera mbuu m'kati, ameneyo ndi aluminiyamu, ndipo kopa wapamwambayo akachoka sagwiranso. Mabatire a lithium, monga 18650 a m'matochi, musawawotcherere pathupi. Moto umawononga m'kati mwake ndipo amatha kuyaka.

Wophunzira wa ku Ulónguè

Zikomo kwambiri a Mestre, achemwali ndi achimwene a ku Dómuè. Pasta ndaichotsa pa tebulo. Ferro ina sinditha kugula mwezi uno, kodi ya 60 W yomweyi ndingaipepuze bwanji? Nanga mzere wa kopa umene wamatuka kale umakonzeka?

Mestre wa ku Moatize

Ingathe kugwira ntchito. Ngati nsonga imamangidwa ndi kasikulu, masulani itazizira, itulutseni pang'ono, sentimita imodzi, n'kumanganso. Kumapeto kwake kuzizirirako. Mukaona utomoni ukupsa nthawi yomweyo n'kuda, zulani pulagi kwa mphindi imodzi, mupitirize ndi moto wotsalawo. Ndipo isamakhale choyaka pamene mukufufuza vuto ndi multímetro, chida choyezera magetsi. Pa mawaya okhuthala a batire ndi a sola ndiye pamene 60 W imathandiza, musadzaitaye.

Mzere womatuka musaumatenso ndi guluu. Dulani chidutswa cholendewera ndi lezala. Tsatirani mzerewo mpaka pamene udakali wolimba, palani penti wobiriwira 3 mm mpaka kopa aoneke, pakani breu ndi estanho. Tengani kamwendo kotsala ka resistência (kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa) kapena kawaya kamodzi ka kopa, mulumikize kuchokera pamenepo kukafika pa mwendo wa kachipangizo. Ngati mtunda ndi wautali kapena ukudutsa pa mizere ina, kawayako kakhale kokutidwa. Mukatha yesani ndi multímetro mutaiika pa malo amene imalira magetsi akamadutsa: kumapeto ndi kumapeto kulire, koma ndi mzere woyandikana nawo kusalire.

Choyamba kupanga chikhale cha batire: LED yofiira, resistência ya 1 kΩ ndi 12 V. Idutsa pafupifupi 10 mA, yokwanira kuwala osapsa. Mwendo wautali wa LED upite ku mbali ya +. Matchaja a foni ndi ma TV asiyeni kaye. Condensador (kachipangizo kosunga magetsi) yaikulu ya m'menemo imasunga magetsi opitirira 300 V ngakhale mutazula pulagi, ndipo musanaikhudze muyenera kuphunzira kaye kuichotsa magetsiwo ndi resistência n'kuiyeza.