Matanthauzo a liwu la Chingerezi loti "run"

Nachisale: Ndikupempha thandizo kwa inu amene mumadziwa bwino Chingerezi. Kusukulu tinaphunzira kuti "run" ndi kuthamanga, koma ndikamawerenga nyuzipepala ndimalipeza liwuli m'ziganizo zomwe mulibe munthu wothamanga. Kodi tanthauzo loyenera ndingalidziwe bwanji?

Mphunzitsi Wopuma: Mayi, choyamba muziyang'ana chinthu chimene chikutchulidwa pamodzi ndi liwulo. Akanena kuti "she runs a shop", ndiye kuti mayiyo akuyendetsa sitolo, pamene "the tap is running" akutanthauza kuti madzi akutuluka pampopi, ndipo "the engine is running" ndi injini yomwe yalizidwa ngakhale galimotoyo itaima pamalo amodzi. Munthu wopikisana nawo pachisankho cha pulezidenti amamunenanso kuti "he is running for president".

Wokonda Kuwerenga: Musadabwe kuti likukusokonezani. Akonzi a buku lotanthauzira mawu a Chingerezi lotchedwa Oxford English Dictionary atakonzanso gawo la "run" mu 2011 anapeza matanthauzo 645 a liwuli ngati mneni, kuposa "set" lomwe linali ndi matanthauzo 430 mu 1989.

Nabanda: Kwa ine, povuta kwambiri ndi pamene liwuli latsatiridwa ndi kaliwu kena kakang'ono, chifukwa tanthauzo limasinthiratu. "Run out of sugar" ndi kutheredwa shuga, "run into someone" ndi kukumana ndi munthu mosayembekezera, koma "run over" nthawi zambiri ndi kuponda munthu kapena chiweto ndi galimoto. Magulu amenewa ndi bwino kuwaloweza athunthu, lililonse ndi chiganizo chake.