Kodi General Vincent Nundwe adachita chiyani kuti azitchulidwa ndi ulemu chonchi?

Nachisale wa ku Mchinji

Akuluakulu amene mumatsatira bwino nkhani za asilikali, ndikupempha kuti mundithandize. Mwa onse amene atsogolerapo gulu lankhondo la dziko lino, dzina la General Vincent Nundwe ndi limene ndimamva likutchulidwa ndi ulemu kawirikawiri, chonsecho ulendo woyamba adakhala pampando miyezi 9 yokha. Kodi ulemu umenewu ndi wa iwo eni, kapena tikuwapatsa ulemu umene unayenera kupita kwa gulu lonse la MDF?

Mphunzitsi wopuma ntchito, Zomba

Mayi Nachisale, kuti mumvetse bwino muyambe mwaona nthawi imene a Nundwe adalandira udindowu. Pulezidenti Peter Mutharika adawasankha mu Juni 2019, m'malo mwa General Griffin Supuni Phiri, patangopita mwezi umodzi chichitikireni chisankho cha pa 21 Meyi chimene zotsatira zake zidafufutidwa ndi tipeksi m'malo ambiri. Dziko linali litatentha, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC linkaitanitsa zionetsero mobwerezabwereza ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndipo anthu anali atataya chikhulupiriro mwa apolisi, amene chida chawo choyamba chinali utsi wokhetsa misozi.

Chimene chidadabwitsa ambiri n'chakuti asilikali atatuluka m'misasa yawo sadabwere kudzabalalitsa anthu. Ankayenda m'mbali mwa ochita zionetsero, kuwateteza kwa magulu owaukira komanso kuletsa ofuna kuthyola masitolo, mpaka anthu ankawaombera m'manja akawaona akufika. Asilikali omwewo ndi amene ankaperekeza majaji asanu amene ankamva mlandu wa chisankho, kufikira pa 3 Febuluwale 2020 pamene khoti lidathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti. Mkulu wa asilikali amene wangopatsidwa mpando amadziwa bwino lomwe chimene womusankhayo akuyembekezera, ndipo a Nundwe sakadalephera kudziwa kuti njira imene adatengayo idzawadyera ntchito. Mu Malichi 2020 adachotsedwadi, ndipo mpando udapita kwa General Peter Namathanga. Pulezidenti Lazarus Chakwera adawabwezera pa 1 Seputembala chaka chomwecho, ndipo adagwira ntchito mpaka 2023 pamene General Paul Valentino Phiri adalowa m'malo mwawo. Kwa ine, munthu amene walolera kuluza mpando wotere pofuna kuti asilikali asaloze anthu wamba ndi mfuti ndi woyenera ulemu umene mukuumvawo.

Mwana wa msilikali, Area 25

Bambo mphunzitsi afotokoza zoona, koma ndikuona kuti tikumusenzetsa munthu mmodzi mbiri imene idayamba kale iye asadafike pamwamba. Mu Disembala 1993, apayoniya atapha asilikali awiri ku Mzuzu, gulu lankhondo lidalanda zida za apayoniyawo (MYP) pa ntchito imene idatchedwa Operation Bwezani, ndipo litatsiriza lidabwerera kumisasa osakhudza boma, ngakhale kuti nthawi imeneyo Kamuzu anali wofooka ndipo palibe akadaliletsa. Mu Epulo 2012, Bingu wa Mutharika atamwalira, General Henry Odillo adakana maganizo oti asilikali atenge boma, ndipo a Joyce Banda adalumbirira pa 7 Epulo monga malamulo oyendetsera dziko amanenera. Umboni waukulu kwa ine ndi wakuti a Nundwe atachotsedwa khalidwe la asilikali silidasinthe: pa chisankho chobwereza cha pa 23 Juni 2020 adateteza mavoti ndi malo owerengera pansi pa a Namathanga, amene ambiri ankawakayikira. Komanso tisaiwale kuti mu Seputembala 2019 ku Karonga kudamveka madandaulo oti asilikali adamenya anthu, ndipo zimenezo zidachitika a Nundwe ali pampando.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Zomba

Achimwene, za ku Karonga ndikuvomereza kuti siziyenera kubisika. Komabe mwambo wa gulu sudzisunga wokha. Umafuna kuti amene ali pamwamba pa tsiku lovutalo ausankhe, ndipo a Namathanga adapeza njira yolambulidwa kale ndi munthu amene adachotsedwa chifukwa choilambula.

Nachisale wa ku Mchinji

Zikomo kwambiri nonse awiri. Chimene chandikhudza powerenga mayankho anu n'chakuti a Odillo nawonso adachotsedwa mu 2014 boma litangosintha, ndiye kuti akuluakulu awiri amene adaima pa malamulo nthawi yovuta onse adataya mpando pansi pa mtsogoleri mmodzi yemweyo, a Peter Mutharika. Ndikufunsenso kwa amene amadziwa malamulo: kodi pali chimene Nyumba ya Malamulo ingachite kuti mkulu wa asilikali asamachotsedwe popanda chifukwa chofotokozedwa poyera?